Maliro a Agogo Anu pa Wilibala

Ana inu, dzulo ndinamva Taonga akufunsa mayi ake chifukwa chimene Ba Mulenga amaitanira agogo anu aamuna kuti "malemu," pomwe munthuyo ali moyo, akudya bwino, ndipo akutisokosabe ndi wailesi yake. Mayi akewo anangoseka, chifukwa tsikulo iwo anali ku Lusaka ndipo nkhaniyi anangoimvera pafoni. Ine ndinalipo, mvula yake inandinyowetsa mpaka chitenje chamkati. Ndiye senderani kuno. Iwe Dalitso, chotsa tizingwe tako m'makutumo, ndikudziwa kuti ukungogwedeza mutu koma sukundimva.

Choyamba mumvetse chimbuya, poti inu obadwira m'tauni mumangoona ngati madala awiri akutukwanizana. Kalekale Angoni ndi Abemba anamenyana nkhondo popanda wogonja, ngakhale agogo anu mukawafunsa adzakuuzani kuti Abemba anathawira m'mitengo. Atatopa ndi mikondo anagwirizana kuti azimenyana ndi pakamwa. Kuyambira pamenepo Mbemba ndi mbuya wathu ife akum'mawa. Angathe kukunyoza kuti umadya mbewa, iwe n'kumubwezera kuti amadya anyani. Angathe kukunamiza, kukugwirira nkhuku pabwalo pako iwe ukuona, ngakhale kukuthira ufa kumutu pamaliro a m'bale wako. Lamulo lake ndi limodzi: mbuya sumukwiyira ndipo sumukaniza. Ukakwiya wagonja, wachititsa manyazi mtundu wako wonse. Koma mudziwenso kuti pamaliro pomwepo wokumba manda ndi wowaza nkhuni amakhala mbuya yemweyo.

Ine chimbuya ndinachidziwa ndi misozi. Ndinabwera kuno ku Kafue ndili wongokwatiwa kumene, kutsatira aJere amene anali atapeza ntchito ya njanji. Masiku amenewo kunalibe mabasi anu okhala ndi mafilimu awa. Tinachoka ku Chipata pamwamba pa lole, pamatumba a nshawa, ndipo pofika ku Lusaka tonse tinali ofiira ndi fumbi mpaka nsidze. Kuchokera apo ndinakwera sitima koyamba m'moyo wanga, nditagwira mpando ndi manja awiri. Katundu wanga anali mphasa, mthiko, simbi yamakala, ndi kaphukusi ka mbewa zouma kamene apongozi anatumizira mwana wawo. Nditangotsika pasiteshoni, ndinaona munthu wamtali, wowonda ngati bango, atavala ovololo ya njanji. Ananunkhiza kaphukusi kanga n'kufuula kuti anthu onse amve:

"Bisani bamphaka banu! Bakumawa babwela, makoswe yonse ya mu Kafue yasila, bazayadya!"

Ndinalira pomwepo, ndikuganiza kuti ndafika kudziko la anthu amwano. AJere m'malo mondimenyera nkhondo anali atagwira pamimba ndi chiseko. Anandiuza kuti ameneyo ndi Mulenga, mbuya wawo, ndipo kundinyoza koteroko ndiye kundilandira.

Tinakhala moyandikana m'nyumba za kampani kwa zaka zambiri, ana athu n'kukulira pabwalo limodzi. Nshima ikaperewera kwathu tinkatumiza mbale kwa Bana Chanda, akazi awo a Ba Mulenga, ndipo iwonso ankatero. Koma amuna awiriwo ankakhalira kutcherana misampha. Tsiku lina Ba Mulenga anabwera nkhope ili gwa, n'kulumbira kuti abwana akuitana aJere kuti akawakweze pantchito. Ine ndinakoleza makala, kusita suti ija ya ukwati mpaka kuwotcha chala. AJere anakakhala pabenchi kunja kwa ofesi m'mawa wonse, thukuta lili kamukamu, mpaka kalaliki anawafunsa ngati akudikira maliro. Nawonso aJere sanagone. Anakauza Ba Mulenga kuti apongozi awo ochokera ku Kasama atsika pasiteshoni. Ba Mulenga anapha bakha wawo mmodzi yekhayo, ndipo amene anafika kudzadya anali aJere, atasamba kale m'manja.

Mukuseka, koma kumbukirani misampha imeneyi, chifukwa inatsala pang'ono kundisandutsa wamasiye.

Ntchito itatha tinatuluka m'nyumba za kampani. Ba Mulenga anamanga kumtunda, pafupi ndi tchalitchi chawo cha Katolika, ndipo aJere ankati wasankha dala kufupi ndi mapiri kuti azichezerana ndi ndiwo zake. Ife tinapeza malo kumunsi, kumbali ya dambo, kumene achule ankaimba ngakhale m'chilimwe. Ndinawauza aJere kuti madzi saiwala khwawa, iwo n'kundiyankha kuti Mngoni anawoloka Zambezi, sangaope chithaphwi. Simenti inangokwanira chipinda chochezera. Chipinda chogona chakumbuyo tinamangira njerwa ndi dothi, tikunena kuti tidzakonza chaka chamawa. Chaka chamawacho mukuchidziwa, sichifika. M'malo mwake kunafika ukalamba, bondo la aJere n'kuuma, moti kuchoka pakhonde kukafika pageti ndi ndodo yawo, madzi a tiyi amawira kaye.

Kale mvula tinkaidziwira kwa linthumbu likamasamuka, kwa achule, ndi kwa mafupa a okalamba. Lero mumaidziwira pafoni, n'kutuluka panja opanda ambulera. Chaka chimene ndikunenachi nkhani inabwera pawailesi ndi pamafoni pomwe. Anati chimphepo chachikulu chachokera kunyanja ya mchere, chasasula madenga ku Mozambique, chavuta ku Malawi, ndipo chikulowa mkati kulunjika kuno. Tinachita mantha, tinapempherera abale athu akumeneko. Kenako wailesi inati chimphepocho chafooka. Inanenanso kuti mvula yake idzakhala yambiri ndipo okhala m'malo otsika asamukire kumtunda, koma makutu a agogo anu amamva theka loyamba lokha la nkhani iliyonse. Ndakhala nawo, ndikuwadziwa.

"Wamvela, amake Esinati? Chafoka. Chamvela ati ku Kafue kuli Bangoni."

Komboni yonse inaganiza chimodzimodzi. Koma ana inu, chimphepo chotere chili ngati mayi wosenza ndowa yodzaza kuchokera kutali. Akatopa sabwerera nayo kuchitsime, amaitula pomwe watoperapo. Chathu chinatopera pamwamba pathu.

Mvula yake inalibe mabingu kapena ukali. Inkangotsika, m'mawa, masana, tsiku lotsatira chimodzimodzi. Paja amati mvula ikakuona litsiro siikata, ndiye kaya ife tinali ndi litsiro lotani. Zovala zinayamba kununkha nkhungu pachingwe cham'nyumba, achule analowa mpaka kukhitchini, ndipo mchere unasungunuka m'botolo. Khoma la chipinda chogona linanyowa kufika m'chiuno. Nditakanikiza chala pakati pa njerwa, chinalowa ngati ndapisa m'phala. Pamenepo mtima wanga unagwa, chifukwa bedi la aJere linali lotsamira khoma lomwelo, ndipo munthu uja akadya nshima ya masana amagona, kaya kunja kukugwa chiyani.

Ndinayamba kuwanyengerera kuti tipite kutchalitchi kumtunda, kumene ena anali atayamba kale kusonkhana. Mwamuna wa Chingoni sumuuza kuti athawe. Ndinati tikangoona anzathu, ndinati mwina kumeneko akusowa munthu wamkulu wowalangiza. Mawu akuti "wowalangiza" anawakomera. M'mawa umenewo anavala jekete, anapempha nsapato, ndipo anali atamanga kale chingwe cha nsapato imodzi. Ine mumtima ndinali nditayamba kuyamika Mulungu.

Ndiye pakhomo panatulukira Ba Mulenga, ali wefuwefu, thalauza atapinda mpaka m'mawondo. Sananene za mbewa, sananunkhize m'mwamba monga amachitira akalowa kwathu. Ine pomwepo ndinadziwa kuti zinthu zavuta.

"Jere, choka muno manje manje. Manzi yochoka ku mapili yazala mu ngalande ikulu, pa kabuliji patsekeka na mapulasitiki. Yonse yakhotela kuno kwanu. Nayaona na menso yanga."

AJere anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anawerama pang'onopang'ono, n'kumasula chingwe cha nsapato ija.

"AJere, mukuchita chiyani?" ndinafunsa.

"Nivula. Iwe Mulenga, waninamiza kangati? Ufuna niyende na ndodo mu mvula, komboni yonse ione ati Mungoni athaba manzi, ukaniseke mpaka Khisimasi."

"Awe mune, lelo sinisobela. Nalumbila pali Lesa, Mulungu wa kumwamba."

"Na siku ija ya suti unalumbila."

Ba Mulenga anagwada pasimenti yonyowa, munthu wa imvi. Koma akamalimbikira kulumbira, aJere amawonjezera kuseka, mpaka anawaombera m'manja kuti lero sewero lakoma. Anavula jekete, kulipachika pamsomali, n'kundiuza kuti nditereke madzi a nshima chifukwa akufuna adye akagone.

Ndinawatsatira Ba Mulenga mpaka pageti, mvula ikundimenya kumaso. Sindinawalankhulepo mwaukali chiyambire, koma tsiku limenelo ndinaiwala za chimbuya.

"Mwaona mabodza anu? Munthu anali atavala kale nsapato! Khoma lija likagwa, mudzamukumba nokha."

Madzi ankatsika pachipewa chawo. Ndinaona kuti nawonso akuchita mantha, ndipo ndinawamvera chisoni ndili wokwiya choncho.

"Mulamu," anatero, "mangani katundu. Musamupase nshima, asagone. Ngati zoona yakanga, tizamutenga na chimbuya."

Sindinamvetse, koma ndinabwerera m'nyumba. Ndinamanga mabulangeti, mankhwala awo a bondo ndi wailesi mu chitenje, n'kubisa kuseri kwa chitseko. Kenako ndinayamba sewero langa pambaula. Makala ouma ndinali nawo m'thumba pansi pa tebulo, koma ndinasankha onyowa okhaokha. Ndinapemerera, ndinatsokomola, ndinadzaza nyumba ndi utsi. AJere ali pampando anayamba kudandaula kuti akazi a masiku ano sadziwa kukoleza moto, ngati kuti anandikwatira dzulo. Atayamba kuyasamula ndi kuyang'ana kuchipinda, ndinawapatsa nshawa zosasenda kuti manja akhale ndi ntchito. Panthawiyi madzi anali atafika pasitepe yoyamba ya khonde.

Ndiye tinamva nyimbo. Inali nyimbo ya maliro ya Chibemba, ikubwera pang'onopang'ono mumsewu wathu. AJere anatchera khutu n'kufunsa kuti wamwalira ndani. Nditasuzumira pawindo ndinaona Bana Chanda patsogolo ndi amayi anzawo a kwaya, atamanga zitenje m'chiuno, pambuyo pawo amuna a Chibemba ojintcha, wina akukankha wilibala yoyalidwa masaka. Ba Mulenga anali atanyamula ndowa yovundikira ndi pulasitiki. Analowa onse osagogoda, anadzaza chipinda, ndipo Ba Mulenga anavula chipewa n'kundigwira dzanja mwaulemu.

"Mulamu, pepani na malilo. Tamvela ati Jere watisiya."

"Nafa liti ine?" anatero aJere, nshawa ili pakamwa.

"Mutembo sukamba. Muntu wamene ankala pa njila ya manzi ninshi afa kale. Ise bambuya tabwela kutenga mutembo watu."

Asanayankhe, ndowa yonse ya ufa inawathera pamutu. Anayera kuyambira kudazi mpaka kumapazi, kungotsala maso awiri ofiira. Ndinaona dzanja lawo likugwira ndodo, ndodoyo n'kukwera m'mwamba. Nyimbo inaleka. Abemba onse aja anawayang'anitsitsa, akudikira kuti Mngoni akwiye pamaso pawo, akafalitse mpaka ku Kasama. Ine ndinkadziwa kuti akanakwiya sakanatulukanso m'nyumbamo ngakhale mutabweretsa thalakitala.

Agogo anu ndi ouma mutu, koma mwambo amaudziwa. Anatsitsa ndodo, anaipereka kwa ine, anapinda manja pachifuwa n'kutseka maso.

"Nyamulani bwino," anatero. "Mutembo wa Mungoni saugwesa."

Anawanyamula, kuwagoneka pa wilibala miyendo ili lendelende kutsogolo, ndipo ulendo unayamba. Ine ndinatseka chitseko n'kutsatira ndi mtolo wanga pamutu, ngati mkazi wamasiye weniweni. Sitinafike patali, ufa uja utakumana ndi mvula unasanduka phala, n'kumayenderera m'makutu ndi m'khosi. Mtembo unkayesa kunyambita mwakabisira.

Amake Joyce mukuwadziwa, aja ogulitsa vitumbuwa pakona, amene maliro aliwonse amalira kuposa eni ake. Atamva nyimbo anatuluka opanda nsapato, manja kumutu.

"Mayo ine, aJere! Muntu wabwino, muntu wamene sanayambanepo na aliyense, wamene anali kumvelela bakazi bake!"

Mtembo unatsegula diso limodzi. "Kambani futi mokweza, amake Esinati amvele."

Amake Joyce anakuwa n'kukhala pansi m'matope, ndipo anthu awiri anachita kuwadzutsa.

Chimene Ba Mulenga sanachiganizire n'chakuti munthu wa ku Kafue angathe kunyozera wailesi, angathe kunyozera foni, koma maliro sawanyozera. Nyumba iliyonse imene tinadutsa, anthu ankatuluka. Ena ankabwera akulira, n'kupeza mtembo ukulangiza wokankha kuti azembe maenje. Akazindikira ankaseka, n'kuthamangira kukatenga ana ndi mabulangeti kuti asaphonye mathero ake. Anthu amene anakana kusamuka sabata yonse anatsatira wilibala imeneyo mpaka kumtunda.

Pokhota popita kutchalitchi m'pamene chiseko chinatha. Madzi anali akudutsa pamwamba pa msewu, ofiira, othamanga, atanyamula mabotolo, nsapato, ndi khola la nkhuku la munthu wina. Gudumu la wilibala linatitimira. Amuna aja sanafunsane, anangoinyamula yonse pamapewa ndi munthu wake momwemo, madzi akuwafika m'mawondo. Ba Mulenga, ndi ukalamba wawo, anagwira kutsogolo. Ine ndinawoloka nditakolowekana mikono ndi Bana Chanda. Pamenepo mtembo unangogwira m'mbali mwa wilibala zolimba.

Masana omwewo madzi analowa m'komboni. Titaima pamasitepe a tchalitchi tinkaona nyumba zathu zitaima m'madzi mpaka m'mawindo. AJere, atafunda bulangeti ndipo phala likuuma kumaso, anauza aliyense wofuna kumva kuti Mulenga ndiye wapatutsa madziwo dala kuti bodza lake lioneke loona. Tinakhala m'holo ya tchalitchi masiku angapo, akazi mbali ino amuna mbali iyo, tikuphikira pambaula zobwerekana. Madala awiriwo anayala moyandikana, n'kumakangana za amene akuliza mkonono.

Madzi ataphwa tinapita kukaona nyumba atatu, ine, aJere ndi Ba Mulenga. Ulendo uno wilibala anaipempha okha aJere, akuti anaizolowera. Chipinda chochezera chinali chilili, matope okha mpaka m'mawondo, mipando itagona cham'mbali. Ndinakankha chitseko cha kuchipinda chogona, chinakana. Tinazungulira kuseri, Ba Mulenga atawagwira aJere pamkono.

Khoma lonse lakumbuyo linali litagwera mkati. Bedi silinkaoneka, kupatula mwendo umodzi wachitsulo wopindika. Pamene pamakhala mutu wa aJere akagona masana panali mulu wa njerwa wofika m'chifuwa mwanga.

Ana inu, zaka zonse zimene ndawadziwa anthu awiri aja, sindinawaonepo ali limodzi osalankhula. Tsiku limenelo anaima chete, ndipo chete ameneyo anandiopsa kuposa madzi aja. Ine misozi inangotsika yokha. Ndinaganiza za makala ouma aja pansi pa tebulo, kuti ndikanangowakoleza, bwenzi nyimbo ija titaiimba kawiri. Munthu uyu amanditopetsa tsiku lililonse, koma ndinazindikira pamenepo kuti sindidziwa kukhala popanda iye.

AJere anayang'ana njerwazo nthawi yaitali. Kenako anakanda kuseri kwa khutu, kumene kunali kutatsalirabe ufa wouma, n'kuyang'anitsitsa chikhadabo chawo.

"Mulenga."

"Shani?"

"Unga uja unanithila unali wa rola."

Rola mukuudziwa, ufa wodera uja umene inu mumaukwinyira nkhope, mukufuna woyera wa bulekifasi.

"Ee, unali wa rola," anavomera Ba Mulenga.

"Zaka zonse izi tasebenza pamozi pa njanji, malilo yanga unichitila na rola? Bulekifasi inakukanga?"

Ba Mulenga anapukuta kumaso ndi chipewa chawo, ngakhale mvula inali itakata kale. 

"Bulekifasi ni ya malilo ya zoona, mune. Iyo sinifuna kugula."